Ng'ombe zinayi zimene zinandithyoletsa fikisidi

Nkhani iyi anthu a pa Bolero amaifotokoza mosiyanasiyana, ndipo ena amawonjezamo zoti ndinakomoka m'banki. Sindinakomoke. Zinazo zambiri n'zoona, choncho ndaona kuti kuli bwino ndiifotokoze ndekha, mwini wake wa manyaziwo.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Boma linanditumiza kuno kudzagwira ntchito ya ukalaliki ku ofesi ya zaulimi patangotha chaka mayi a kunyumba atatisiya. Ana anali atakula kale, ndiye ndinabwera ndekha ndi sutikesi, wailesi ndi njinga. Munthu wokhala yekha, wosamwa mowa, wofika kutchalitchi belu lisanalire, anthu sachedwa kumuganizira kuti amadziwa kusamala ndalama. (Kusadya ndalama za anthu ndi kudziwa kuzisamala ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma izi ndinadzazidziwa mochedwa.) Chaka changa chachiwiri anandisankha kukhala msungichuma wa gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama.

Gululi lili ndi anthu opitirira makumi anayi: aphunzitsi, anamwino, a magolosale ndi alimi a fodya. Aliyense amaika zimene wapeza, ndipo akafuna zake amauza msungichuma kutatsala masiku asanu, n'kupatsidwa. Wofuna ngongole amabwereka ndi kubweza ndi chiwongola dzanja, phindulo timagawana mu Disembala. Ndalamazo zimakhala ku banki ina ku boma la Rumphi, ndipo pa chilichonse pamafunika anthu awiri mwa atatu asaine: ine, wapampando wathu a Gondwe, amene ndi mlimi wa fodya wa pa Bolero pompano, ndi mlembi wathu a NyaMhango, aphunzitsi aakulu a pa sukulu ina ku Katowo.

Mu Juni chaka chimenecho fodya anayenda bwino. Aliyense ankabwera kudzaika, wobwereka panalibe, ndipo ndalama zinaunjikana mpaka kupitirira mamiliyoni asanu ndi limodzi. Zinangokhala m'akaunti osabala kanthu, ndipo ine zinkandipweteka kuziona. Tsiku lina ndikuika ndalama, mtsikana wa pa desiki m'bankimo anandifunsa chifukwa chimene tinkasiyira ndalama zochuluka chotero pamalo osapindula. Anandifotokozera za akaunti yotsekera, imene iwo amaitcha fikisidi: mumalonjeza kuti simukhudza ndalamazo kwa miyezi isanu ndi umodzi, banki n'kukupatsani chiwongola dzanja chokwera. Anawerengera pa kamakina kake n'kundionetsa kuti tikatsekera mamiliyoni asanu, pofika sabata yoyamba ya Disembala tidzapeza pafupifupi K350,000 yapamwamba.

Musaganize kuti ndinathamanga. Ine sindithamangira zinthu. Ndinatenga mabuku a zaka zitatu, rula ndi pensulo, n'kuyamba kuona miyezi imene anthu amatapa ndalama zawo. Zinaoneka bwinobwino: mu Seputembala amatapa za fizi, mu Disembala za feteleza, ndipo pakatipo bata. Ndinasiya padera za fizi. Ndinasiyanso za maliro awiri (Mulungu andikhululukire, koma msungichuma amayenera kuwerengera ngakhale zoterezi). Nditakhutira, Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi ndinaimitsa a Gondwe n'kuyamba kuwafotokozera. Iwo anali pa changu chokaona ng'ombe yodwala. Anatenga fomu, kuiika pa chishalo cha njinga yanga, kusaina, n'kumapita.

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Ogasiti, pamene ndinamva pa wailesi kuti mabanki akweza chiwongola dzanja. Ndinasangalala mpaka kukwera minibasi kupita ku boma kukafunsa kuti ndiye ife tipeza zingati tsopano. Mtsikana uja anandiuza mwaulemu kuti chatsopanocho ndi cha amene akutsekera lero, ife tikhalabe pa cha mu Juni. Ndinafunsa ngati akanatisiyabe pa cha mu Juni chikanakhala kuti chatsika. Anati inde. Ndinaona kuti n'zachilungamo, ngakhale chilungamocho sichinandikomere, ndipo ndinabwerera nditangotaya ndalama za thiransipoti.

Seputembala anadutsa monga ndinawerengera. Makolo anatapa za fizi, m'akaunti yotapa munatsala K700,000, ndipo maliro sanagwe. Ndivomere kuti ndinayamba kudziona ngati munthu wanzeru. Ndinkayeseza ngakhale mawu amene ndidzanene pa msonkhano wa mu Disembala, odzichepetsa ndithu, koma oti anthu adziwe amene anaganiza zimenezi.

Ndiye pakati pa Novembala, Lamlungu lina, a Gondwe anandikokera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Nkhope yawo inali yowala. Anati mwana wawo wamkulu, Chawanangwa, wapeza mbeta ku Njakwa, ndipo thenga, munthu wa pakati amene kwathu tingamutche nkhoswe, wabwerako ndi yankho. Akuchikazi atchula malowolo a ng'ombe zinayi, ndipo avomera kuti zikhale ndalama, K500,000 pa ng'ombe imodzi.

“Loweruka tikupita kumeneko ndi abale,” anatero. “Mundikonzeretu, a Msungi. Lachisanu ndidzadutsa kunyumba kwanu.”

Ndinayankha kuti yewo, zikomo wa kuno, mawu amene ndimanena pamene Chitumbuka changa ndi nzeru zanga zathera pamodzi.

Ndinawerengera ndili chiimire pomwepo. Ng'ombe zinayi, mamiliyoni awiri. M'buku a Gondwe anali ndi zoposa pamenepo, ndipo anali atandiuza m'masiku oyenera monga mwa lamulo. Ine ndinali ndi K700,000. Zinazo zinali zotsekeredwa, kutatsala masabata atatu kuti zitseguke. Pa rula wanga uja panalibe mzere wa malowolo, chifukwa kwathu kulibe. Ine pokwatira ndinapereka nkhuku ndi kandalama kochepa kwa ankhoswe, kenako n'kukamanga nyumba kwa apongozi ndi kuwalimira munda zaka zingapo. Za ng'ombe ndinkangozimva, ndipo m'mutu mwanga zinali ngati kugula njinga: atchula mtengo, mwalipira, mwatenga.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangowauza a Gondwe. Ndinaganizapo. Koma kodi munthu amene akupita kukaima pamaso pa apongozi a mwana wake mumamuuza bwanji kuti ndalama zake zilipo, koma papepala? Ndipo a Gondwe sadziwa kulankhula motsitsa. Iwo akadziwa, msika wonse wadziwa, ndipo anthu makumi anayi akamva kuti msungichuma walephera kupereka ndalama kwa wapampando weniweni, onse abwera tsiku limodzi kudzafuna zawo. Palibe amene akanamvetsera za fikisidi. Akanangoti mlendo wa ku Ntchisi uja, ndi kupemphera kwake konse kuja, wadya ndalama. Ine pano ndilibe munda, ndilibe mbale. Ndili ndi dzina lokha.

Lolemba ndinapempha chilolezo ku ofesi n'kukwera minibasi yoyamba, imene inaima pa siteji kwa ola lathunthu kudikira kuti idzaze. Ku banki mtsikana uja anandimvetsera mofatsa, kenako anandiyalira njira zitatu. Yoyamba, kudikira masabata atatuwo. Yachiwiri, kuthyola fikisidi, koma ya mtundu umenewu imathyoledwa yonse, ndipo chiwongola dzanja chonse cha miyezi isanu chimapita. Yachitatu, banki itibwereke ndalama, fikisidiyo ikhale chikole. Ndinatsala pang'ono kumuthokoza, mpaka pamene anatchula chiwongola dzanja cha ngongoleyo, chimene chinali pafupifupi kuwirikiza chimene iwo ankatipatsa ife. (Ndalama zathu zomwe, kubwereka kwa munthu amene tamusungitsa.) Anawonjeza kuti mapepala ake amakavomerezedwa kulikulu, ndipo zimatenga masabata awiri.

Ndinamupempha ngati mwana wanga. Ndinati kodi sangatsegule pang'ono, ine n'kutapako, iye n'kutsekanso, popanda wina kuvutika?

“Bambo, ndalama zanuzo sizili m'kabati umu,” anatero. “Ifenso tinazibwereketsa kwa anthu ena, powerengera kuti inu simubwera mpaka Disembala.”

Apa m'pamene ndinazindikira kuti banki imachita zomwe ndinachita ine zija, kungoti iyo inaika chilango kwa wobwera msanga. Ndinafunsa kuti nanga onse osungitsa atabwera tsiku limodzi, iwo angatani? Anayang'ana anthu a pa mzere, n'kundipempha kuti zoterezi ndisamazinene mokweza m'banki. Anandipatsa fomu yothyolera, kuti ndikaganize bwino.

Lachiwiri ndinayesa nzeru ina, yotolera ngongole. Anali ndi ngongole anthu atatu okha, ndipo nthawi yawo yobweza inali isanakwane. Mphunzitsi wina anati ndidikire malipiro a mwezi. Wina sindinamupeze. Wagolosale, a Msiska, anati ndalama alibe koma ndingathe kutenga mabelo awiri a shuga ndi mafuta ophikira. Ndinayesa kuganiza a Gondwe akufika ku Njakwa ndi shuga m'malo mwa ng'ombe, n'kukana mwaulemu. Ndikutuluka, a Msiska anandifunsa ngati ku thumba la gulu kuli bwino. Ndinati kuli bwino chomene. Sipanathe maola atatu, namwino wina anandiimitsa pamsewu kundiuza kuti wamva zoti ndikutolera ngongole nthawi isanakwane, kodi nayenso atape zake? Ndinamuuza kuti ndikungolongosola mabuku. Ili linali bodza, ndipo ndinakalilapa. Kutolera ngongole ndinalekera pomwepo, chifukwa ndinaona kuti ndikuyatsa ndekha moto umene ndinkauopa.

Ndinawerengeranso katundu wanga. Njinga, wailesi ndi matiresi pamodzi zikanagula mwendo umodzi wa ng'ombe, mwinanso wakutsogolo.

Panatsala kuthyola. Pa fomu panafunika dzina lachiwiri, ndipo kwa a Gondwe sindikanapita. Lachitatu ndinakwera pikapu ya ku Katowo, nditakhala pa thumba la chimanga, fumbi likulowa mpaka m'makutu. A NyaMhango ndinawapeza mu ofesi yawo nthawi ya buleki. Ndi mayi wa maso akuthwa, amene ana a sukulu amamuopa ngakhale ali patchuthi. Anawerenga fomu yonse, zimene wapampando sanachite, n'kundifunsa kuti fikisidi imeneyi inayamba liti. Ndinafotokoza. Anati nzeruyo inali yabwino, ngakhale akanakonda kuimva mu Juni. Kenako anafunsa chimene ndikuithyolera kutatsala masiku owerengeka. Ndinati membala wina ali ndi chosowa chachikulu, ndipo nkhani za mamembala ine sindiulula.

Anafunsa ngati ndi matenda. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndi maliro, kapena mlandu wa kupolisi. Ndinati ayi.

“Nanga chikukuthamangitsani n'chiyani, adada?”

Ndinadzimva kuti ndine munthu wosunga chinsinsi. Ndikanangotchula liwu limodzi loti malowolo, mayi ameneyu akanandikhazika pansi ngati mwana wa sitandade wani, nkhani yonse n'kuthera mu ofesi momwemo. Koma ndinatseka pakamwa mwaulemu wonse. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti ine ndine munthu wa Mulungu, ndiyenera kuti ndikudziwa chimene ndikuchita. Anasaina.

Lachinayi ndinali ku banki. Mtsikana uja anandifunsa katatu ngati ndatsimikiza, ndipo ulendo wachitatu anandikumbutsa kuti kwatsala masiku osakwana makumi awiri. Ndinati ndatsimikiza. Chidindo chitagunda pa fomu ndinamva ngati chagunda pamutu panga, koma ndibwerezenso kuti sindinakomoke, ndinangopempha madzi. Anandiwerengera mamiliyoni awiri, ndinawakulunga m'jumbo n'kuwalowetsa mkati mwa jekete. Amene amadziwa dzuwa la Novembala kuno angamvetse mmene ndinaonekera m'minibasi, jekete lomangidwa mpaka m'khosi, manja atapingasa pachifuwa, thukuta likuyenderera. Kondakitala anandifunsa ngati ndili ndi malungo, ndipo mayi wina anandipatsa mapiritsi awiri. Ndinalandira kuti ndisafunsidwe zambiri.

Lachisanu masana a Gondwe anafika pa njinga yamoto ndi mng'ono wawo. Ndinawalowetsa m'nyumba, kutseka chitseko ndi zenera, n'kuyala ndalama patebulo m'milu inayi, mulu uliwonse ng'ombe imodzi. Mtima wanga unali pansi kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Ndinali nditataya phindu la gulu, koma munthu wapeza zake pa tsiku lake.

A Gondwe anayang'ana tebulo, n'kuyang'ana mng'ono wawo.

“Zonsezi n'zachiyani, a Msungi?”

Ndinati ndi ng'ombe zinayi zija.

Mng'ono wawo anayamba kuseka, kuseka kwa munthu wofuna kudziletsa m'nyumba ya eni, mapewa okha akugwedezeka. A Gondwe anatenga mulu umodzi, kuuwerenga, kuuika m'thumba la malaya, n'kukankhira milu itatu ija kwa ine.

“Ndani amapereka zonse tsiku limodzi? Mukufuna anthu a ku Njakwa anene kuti tabwera kudzagula mbuzi pamsika? Mukamaliza lero ndiye kuti mwawauza kuti simudzafunanso kuwaona. Timapereka imodzi, tipepese kuti chaka chavuta, iwo adandaule pang'ono, tidye. Zinazo zimatsala kuti tizionana.”

Ndinafunsa kuti zotsalazo zimaperekedwa liti. Anati zimatengera. Iwo eni kwa apongozi awo kunatsala ng'ombe imodzi mpaka lero, ndipo ali ndi adzukulu asanu ndi mmodzi.

K500,000. Inali m'akaunti yotapa sabata yonseyo, n'kutsalanso chenji.

Sindikanatha kubisanso, ndinawauza zonse. A Gondwe anadabwa kumva kuti gulu linali ndi fikisidi. Nditawakumbutsa za pepala la pa chishalo cha njinga, anati iwo ankayesa ndi ndandanda wa zopereka za denga la tchalitchi, ndipo ankadabwa kuti bwanji palibe amene wabwera kudzatolera. Kenako anandifunsa chifukwa chimene sindinawafunse kuti akufuna zingati. Ndinati ndinaona ngati kufunsa munthu za ndalama zake zomwe ndi chipongwe. Anapukusa mutu, n'kunena kuti ife anthu a m'chigawo chapakati ulemu wathu udzatipha.

Masabata a pakati pa tsikulo ndi msonkhano sindinadye bwino. Monga ndinkaopera, a Gondwe anaifotokoza nkhaniyi ku Njakwa komweko Loweruka, ndipo ndinamva kuti inathandiza kufewetsa akuchikazi. Pofika Lolemba inali itabwerera ku Bolero pa minibasi.

Pa msonkhano wa mu Disembala, m'kalasi ya pulayimale, ndinaimirira ndi buku langa n'kunena zonse mwa dongosolo: tsiku lotsekera, tsiku lothyola, ndi K350,000 imene gulu likanagawana koma silidzaiona. Ndinalankhula m'Chichewa, ndiye a kutsogolo anaseka kaye, kenako wina anamasulira m'Chitumbuka kwa akuluakulu a kumbuyo, iwonso n'kuseka pa nthawi yawo. Ndinaima pamenepo kudikira kuseka kuwiri konseko. Si onse anaseka. Mayi wina wamasiye, amene amagulitsa tomato, anati gawo lake la ndalama imeneyo likanamugulira mbewu, ndipo kuseka sikudzalidwa m'munda. Mawu amenewo ndi amene anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinapempha kuti nditule pansi udindo, ndipo ndizibweza ndalamayo pang'onopang'ono kuchokera ku malipiro anga.

A NyaMhango anaimirira. Anati cholakwa chili patatu: wapampando anasaina osawerenga, iwo anasaina osaumirira kufunsa, ndipo msungichuma anayenda mtunda wonse wa ku Katowo kukakhala chete. Anati atatufe tibweze theka la ndalamayo mogawana, theka linalo gulu liiwale. A Gondwe anayesa kutsutsa, koma atayang'anidwa kamodzi anakhala pansi. Pa zotula udindo anayankha a Msiska a golosale aja. Anati gulu lamulipirira kale fizi msungichuma ameneyu, ndipo fizi yake yakwera, ndiye sangamuchotse kuti ayambenso kulipirira wina. Anthu anaomba m'manja. Sindinadziwe ngati ndithokoze.

Tsiku lomwelo tinapanga malamulo atsopano. Ndalama zikachuluka timazitsekera m'zigawo zitatu zotseguka miyezi yosiyana, kuti pasamakhale nthawi yaitali popanda chigawo chotseguka, ndiponso kuti chiwongola dzanja chikakwera tisakhale titamangidwa tonse pa chakale. Fomu iliyonse imawerengedwa mokweza pamaso pa komiti. Ndipo munthu akati ndimukonzeretu, ndimayenera kumufunsa kuti zingati, ndipo liti. Ndimafunsa ndithu, ngakhale mpaka lero ndimayamba ndi kupepesa.

Gawo langa la ngongole ija ndinamaliza kubweza patatha miyezi isanu ndi itatu. Chimene sichinathe ndi ng'ombe zitatu zotsala. Ndalama zake, K1,500,000, zili m'akaunti yotapa, ndipo nthawi iliyonse tikamatsekera ndimazisiya padera. Papita zaka ziwiri. Chawanangwa ndi mkazi wake ali ndi mwana amene wayamba kuyenda, ndipo a ku Njakwa sanatchulepo ng'ombe ngakhale imodzi. A Gondwe amati mwina adzafunsa mwanayo akamayamba sukulu, mwinanso ayi. Ndikudziwa kuti akunena zoona, ndipo ndikudziwanso, mpaka pa kwacha, zimene gulu likutaya mwezi uliwonse chifukwa cha mantha anga. Sabata yatha a NyaMhango anabwera okha kuchokera ku Katowo ndi fomu yoti ndalama za ng'ombezo tizitsekere miyezi itatu yokha, iwo atasaina kale. Ndawauza kuti ndikuipempherera kaye.